Buluu wa Mkati mwa Mpendero

Mundikhululukire inu amene mukuwerenga, ine sindine mlembi. Sukulu yanga yoyamba inali ya kumudzi, ya mawindo opanda magalasi, ndipo mpaka lero ndikagwira cholembera ndimamva ngati wina waima kumbuyo kwanga akuwerenga zolakwa. Koma m'kabati mwanga muli kanthu kamene kakhala kakundiumiriza kuti ndinene za iko, ndiye ndalimba mtima. Pamene ndaphonya mukonze nokha mumtima, musandiseke kwambiri.

Kanthuko ndi kabuku ka mitundu. Kunena zoona si buku lenileni. Ndi timakadi tatitalititali, topyapyala, tomangidwa pamodzi ndi kamsomali kamodzi kumunsi, ndipo ukatsegula timatambasuka ngati mchira wa nkhukundembo. Pakhadi lililonse pali mtundu umodzi woyalidwa m'masitepe, kuyambira wotuwa kumwamba mpaka wakuda kumunsi, ndipo pansi pa sitepe iliyonse pali nambala yaing'ono. Mpaka pano kamanunkha penti ndi thukuta la m'thumba la ovolosi. Kanali ka amalume, ndipo ndinakaona koyamba m'chilimwe chimene ine ndi amayi tinafika ku Ndola.

Ndinali ndi zaka khumi. Bambo anali atamwalira titangokolola, ndipo amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi, anatumiza mawu kumudzi kwathu kufupi ndi Chadiza akuti mbumba yawo singavutike iwo ali moyo. Tinakwera basi ndi katundu wochepa: makina osokera opukusa pamanja, zovala m'chikwama chimodzi, ndi nsalu ya bafuta yoyera mbee imene amayi ankaisunga pansi pa zonse. Nyumba ya amalume ku Twapia inali ya zipinda ziwiri, ya malata otentha ngati chiwaya. Ndimakumbukira nyenje zikulira osapuma, fumbi loyera pamasamba a mango, ndi mitengo ya jakaranda imene inkagwetsa maluwa ofiirira ngati kuti mtambo wathothoka. Kumudzi kunalibe mtengo wotero. Masiku oyamba ndinkayenda molambalala maluwawo, poopa kuti mwina ali ndi mwini wake.

Sukulu inandilandira m'temu yomaliza. Atsikana ankavala diresi la buluu la kolala yoyera. Amayi anaima pageti m'mawa wina n'kuyang'ana ana akudutsa, kenako anati, "Limenelo ndilitha ndekha." Anadula theka la bafuta uja, anagula timapaketi ta dayi kumsika, anawiritsa madzi mu ndowa pa mbaula, n'kuthiramo mchere kuti mtundu ugwire. Mtunduwo anautenga m'mutu, monga mmene maso awo anaukumbukirira. Diresi litauma ndinaliona ngati chovala cha mwana wa mfumu. Usiku umenewo ndinagona nditaliika pambali pa mutu wanga.

Aphunzitsi anali mayi wamtali, wa magalasi olendewera pachingwe. Nditalowa m'kalasi anakweza magalasiwo, nandifunsa m'Chibemba kuti, "Iwe, wafuma kwi?" Ankafunsa kumene ndachokera, koma ine Chibemba chonse chimene ndinkadziwa chinali mawu awiri aulemu amene amalume anandiphunzitsa m'basi ya m'tauni. Ndinagwada pang'ono n'kuyankha kuti, "Ee mukwai." Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Aphunzitsi anawatontholetsa, natembenukira ku Chinyanja chawo chopindikapindika: "Nanga iyi diresi ni ya kwaya?" Pamenepo m'pamene ndinayang'ana anzanga, ndi kudziyang'ana ndekha. Langa silinali la buluu. Linkapendekera kofiirira, ngati maluwa aja a mumsewu. Pofika nthawi yopuma ndinali nditapatsidwa kale dzina: Jakaranda wa kumushi, kutanthauza wa kumudzi.

Aphunzitsi sanandithamangitse. Anati m'kalasi ndikhoza kukhala, koma pa tsiku la Ufulu, pamene sukulu zonse zikaguba pabwalo la mpira, mzere wawo uyenera kuoneka mtundu umodzi. Wosiyana ndi anzake adzakhala pansi pa mtengo kulondera zikwama. Lero ndikaganiza ndimaona kuti mayi uja sanali wankhanza. Ankangofuna kuti sukulu yake isachite manyazi pamaso pa sukulu za ku Kanini, dera la anthu opeza bwino. Koma ine mawuwo anandilowa ngati minga. Sindinkafuna kuguba kuti anthu andione. Ndinkafuna kuguba kuti asandione, kuti tsiku limodzi lokha ndisowe pakati pa anzanga ngati njere ya chimanga m'nkhokwe.

Amalume ankagwira ntchito m'sitolo ya penti m'tauni. Zikhadabo zawo sizinkayera, ndipo nsapato zawo zinali ndi madontho a mitundu yonse ngati dzira la mbalame. Atamva nkhaniyi anatenga diresi lija, analiyang'ana kunja, naseka mpaka kutsokomola. "Mlongo wanga, mtundu sautenga m'mutu. Mutu umanama. Maso amanama. Nambala yokha ndiyo sinama." Amayi anayankha osakweza mutu pamakina, "Nambala ilibe maso, alongo." Tsiku lotsatira amalume anabwera ndi kabuku kaja m'thumba. Anati kusitolo akataya, chifukwa ngakhale mabuku a mitundu amakalamba. Akagwiridwagwiridwa ndi kuwombedwa ndi dzuwa amayamba kusuluka, ndiye amabweretsa atsopano. Koma makadi a buluu anali asanatsegulidwe kawirikawiri, anali akadali bwino.

Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, anandikhazika pakhonde n'kundifotokozera ntchito yawo. Anati tiyerekeze munthu ku Kitwe wapenta theka la nyumba, penti n'kumuthera. Akangoti ndikufuna wobiriwira, adzalandira wobiriwira wa wina, khoma n'kukhala mbali ziwiri ngati nkhope ya wodwala zikanga. Koma akatchula nambala, amalume amaitayipa pamakina, makinawo amadontheza m'chitini madontho owerengeka, akuda angapo, achikasu angapo, monga mmene zinalembedwera, ndipo penti wa ku Ndola amakakumana ndi wa ku Kitwe pakhoma osakangana. Anati n'chimodzimodzi ndi mabotolo a zakumwa, mabasi a kampani imodzi, ngakhale mbendera. Wojambula amakhala ku Lusaka, wopanga amakhala kutsidya kwa nyanja, chinenero chawo n'chosiyana, sanaonanepo, koma amakumana pa nambala. "Nambala ndi malo okumanirana," anatero, akugogoda khadi ndi chala chawo cha madontho.

Sindinamve zonse, koma mawu amenewo anandikhala. Ndinkaganiza za anthu awiri, wina woyera wina wakuda, akuyenda ulendo wautali kuchokera mbali ziwiri za dziko, n'kudzakumana pa kabokosi kakang'ono ka buluu, kupatsana moni, aliyense n'kubwerera kwawo.

Lamulungu titachoka ku Misa amayi anabwereka yunifomu ya mwana wa aneba, amene anali m'kalasi yapamwamba. Amalume anali ndi malamulo awo ndipo ankawanena ngati katekisimu. Mtundu sauyesa padzuwa lamasana, sauyesanso pansi pa babu. Umauyesa m'mawa, pamthunzi wa khonde. Nsalu ndi khadi zigundane, pasakhale mpata. Usayang'anitsitse nthawi yaitali, diso limatopa n'kuyamba kukuuza zimene ukufuna kumva. Yang'ana, tembenukira kukhoma, yang'ananso. Koma Lamulungu limenelo dzuwa linali litakwera kale, ndiye tinadikira mpaka Lolemba mbandakucha, iwo asanapite kuntchito. Anayendetsa makadi pamwamba pa diresi lobwerekalo, limodzilimodzi, mpaka anaima pa buluu wotuwa pang'ono, wa nambala yothera ndi folo. "Ndameneyu," anatero.

Amayi anatenga lezala, anatembenuza diresilo, n'kusomola ulusi wa mpendero wa kumunsi, utali wa chala chimodzi. Atafunyulula nsalu yopindidwayo, ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Mkatimo munali buluu wina, wozama, wonyowa m'maso, ngati madzi a padziwe lakuya. Dzuwa linali lisanamuone, sopo anali asanamufike. Anali atabisala mmenemo zaka zonse pamene mnzake wakunja ankakalamba. "Nsalu imanena zoona mumpendero," anatero amayi. Amalume anatsitsa khadi masitepe atatu, n'kuima pa nambala yothera ndi seveni. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Uyu ndiye anachokera kufakitale. Folo uja ndi seveni wotopa chabe." Kwa nthawi yoyamba anagwirizana awiriwo, wa nambala ndi wa maso. Diresi langa lidzakhala la seveni.

Bafuta wotsala anali wokwanira diresi limodzi lokha ndi tizidutswa ta m'mbali. Amayi anati sadzaviika nsalu yaikulu kufikira kachidutswa katavomera. Choncho kunayamba masabata awiri amene ndimawakumbukira ngati maloto aatali. Masana aliwonse ndikaweruka, amayi ankawiritsa madzi m'kachitini, ine n'kukhala pambali ndi kope langa la masamu. Kumapeto kwa kopelo ndinkalemba monga anandilamulira amalume: makapu angati a madzi, masipuni angati a dayi wa buluu, tinsonga tingati ta wakuda, mchere wochuluka bwanji, ndi mphindi zingati pawotchi yawo yakale imene ankatisiyira. "Chimene sunalembe sungachibwereze," ankatero. Kachidutswa kalikonse ndinkakasokerera ulusi wa mfundo, koyamba mfundo imodzi, kachiwiri ziwiri, kuti tisasokoneze.

Tizidutswato tinkatiyanika pawaya kuseri kwa nyumba. Tikakhala tonyowa tonse tinkaoneka takuda ndi tolondola, ndipo mtima wanga unkadumpha. Tikamauma tinkayera pang'onopang'ono n'kundinamiza. Ndinkagona chagada pamphasa pansi pa wayayo, kabuku kali pachifuwa, ndikuyang'ana timbendera tabuluu tikugwedezeka, kumbuyo kwake kuli thambo la Okutobala lotuwa ndi utsi. Ndinayamba kupatsa zinthu zonse manambala. Thambo la m'mawa ndinalipeza. Mango osapsa ndinawapeza. Lilime la galu wa aneba, dzimbiri la pageti, chitenje cha amayi cha ku Misa, zonse zinali ndi malo ake m'kabukuko, ndipo ndinkadabwa kuti munthu amene sanafikepo ku Twapia anadziwa bwanji zonsezi n'kuzilemberatu. Ndinapeza ngakhale dothi lofiira la kumunda kwathu, ndipo khadi limenelo ndinkalinunkhiza mobisa. Chimodzi chokha ndinachisaka osachipeza: mtundu wa jekete la bambo, limene ankavala popita kumsonkhano wa mpingo. Tsiku lina ndinkati ndi ili, mawa lake ndinkati ayi, ndi ilo. Amalume anali atanena kale kuti mutu umanama, koma sindinkafuna kuti zikhale zoona pa jekete limenelo.

Kachidutswa ka mfundo zisanu ndi zinayi ndiko kanavomera. Unali m'mawa, pakhonde, tiyi asanapse. Amalume anakagoneka pakhadi, nandiitana ndi mawu a Chibemba oitanira mwana. "Yang'ana, mwaice. Ukuona malire?" Ndinayang'ana, ndinatembenukira kukhoma, ndinayang'ananso. Panalibe pothera pepala, panalibe poyambira nsalu. Zinali ngati kachidutswako kamira m'khadi. "Ukasiya kuona malire, wafika," anatero. Amayi anaviika nsalu yaikulu tsiku lomwelo, potsata zimene ndinalemba ine m'kope, ndipo makina analira masiku awiri. Anaikanso thumba kumanja, limene yunifomu ya m'sitolo inalibe, kuti ndiziikamo pensulo.

Aphunzitsi ataliona anakweza magalasi aja. Anatsegula kabati, anatulutsa envelopu yakale, ndipo mkati mwake munali kansalu kamene sukulu inkasunga ngati chitsanzo. Anakagunditsa paphewa panga. Kenako anandiimika kutsogolo kwa kalasi. "Onani! Iyi ndiye yunifomu ya sukulu ino. Wa kumushi wakuposani nonse." Ankaganiza kuti akundichitira zabwino. Ine ndinaima pamenepo maso makumi ambiri akundilasa, ndikulakalaka simenti itang'ambika.

Pakuti vuto linaonekera titayamba kuyeserera kuguba. Madiresi a anzanga onse anali a folo, ena otuwa kuposa pamenepo, ochapidwa zaka ndi zaka, osiyirana kuchokera kwa akulu awo. Onse pamodzi ankaoneka ngati thambo limodzi, ndipo ine ndinali kadontho kakuda pakati pake, ngati ntchentche mumkaka. Dzina linasintha, tsopano ndinali Orijino, kutanthauza katundu weniweni wa kufakitale. "Patukani, Orijino adutse!" Aphunzitsi sakanandichotsa mumzere, popeza diresi langa ndilo linali lolondola, koma ndinkawaona akutsinzina diso limodzi ali chapatali. Lolemba anandiika kutsogolo. Lachiwiri anandisunthira pakati. Lachitatu anandiika kumapeto kwenikweni, nati mwina kumeneko. Mwana wofuna kukondweretsa aliyense amamva mawu akuti mwina ngati chiweruzo.

Amayi okha ndi amene ankakondwa. M'mawa uliwonse ankaima pageti, manja ali m'chiuno, ine ndikukwera msewu pakati pa khamu la ana. Ndikabwerako ankandiuza kuti, "Lero ndinakuona mpaka pa mpopi wachiwiri." Tsiku lina anati, "Lero mpaka pokhotera, pa ogulitsa makala paja. Anzako onse amasungunuka, iwe wekha umatsala." Ankanena monyadira, ndipo ine ndinkamva manyazi mpaka m'makutu. Ndinkafuna kuwapempha kuti asamaime pamenepo, koma sindinali mwana wotha kupempha zotero.

Ndinayamba kulikalambitsa diresilo ndekha. Ndikaweruka ndinkalichapa ngakhale linali loyera, ndikulipikita pamwala, n'kuliponya padenga la chimbudzi kuti dzuwa lilidye. Amayi ankati ndine mwana waukhondo. Koma mchere wawo unali utagwira ntchito yake, seveni sanasunthe. Kutatsala masiku atatu, ndili pa mpopi, ndinaona mayi wina akuchapa mashiti ndi mankhwala oyeretsera aja a fungo loboola mphuno. Atapita kukayanika, anasiya botolo pamwala. Ndinaganiza kuti ngati mankhwalawo amayeretsa kwambiri, pang'ono pokha adzayeretsa pang'ono. Sindinadziwe kuti amayamba asungunulidwa m'madzi ambiri. Ndinadzaza kachivindikiro n'kuwaza padiresi lonyowa monga ansembe amawazira madzi odalitsa.

Ndinaona ndi maso anga mitambo ikubadwa pansalu. Poyamba timadontho totuwa, kenako tinakula, tinalumikizana, pena poyera mbee, pena pofiirira, pachifuwa ponse ndi kumsana. Ndinaliviika m'madzi, ndinalitsukuluza, ndinapemphera Tikuoneni Maria katatu. Mitamboyo sinachoke. Ndinayenda kubwerera kunyumba diresi lili m'beseni pamutu, madzi akudonthera m'khosi, ndipo msewu umene ndinkaudutsa mphindi zochepa unatalika ngati wa ku Chadiza.

Amayi analitambasula pawaya naliyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira mbama, ndipo ndikanailandira mokondwa. Koma anangofunsa motsitsa mawu, "Unkafuna chiyani, mwanawe?" Ndinayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi, "Ndifanane ndi anzanga." Amayi anakhala pa mpando wa makina, manja ali pamiyendo, akuyang'ana kugeti.

Amalume atafika ndiwo anakalipa. "Seveni weniweni! Masabata awiri! Ngakhale makina a kusitolo sakanamutulutsa bwino chonchi!" Amayi anawasiya amalize, kenako anati, "Alongo, tengani kabuku kaja. Mutsegule pa folo."

"Folo? Folo si mtundu, ndakuuza kale. Ndi seveni wotopa."

"Ndiye amene mwana akumufuna."

"Ndiye tipange dala chinthu cholakwika?"

"Inu munati nambala ndi malo okumanirana. Anzake ali pa folo. Akakumane nawo kumeneko."

Amalume anang'ung'udza kuti zaka zonse za ntchito yawo sanapangepo penti wosuluka kale, koma anatenga kope langa la masamu, anakhala pakhonde ndi pensulo, n'kuyamba kuchepetsa masipuni.

Nsalu ina panalibe, choncho diresi lomwelo linayenera kufa kuti libadwenso. Kutacha amayi anagula botolo lawo la mankhwala aja, anawasungunula m'ndowa yodzaza, n'kuviika diresi lonse, akulitembenuza ndi manja kuti liyere mofanana. Ndinaona seveni akuchoka, buluu wa padziwe lakuya uja akusanduka madzi otuwa amene anakathiridwa m'ngalande. Analitsukuluza kambirimbiri, akubwerera pamzere wa pa mpopi dzuwa lili pamutu, mpaka fungo litatha. Tizidutswa toyesera tinali titatha, ndiye anasomola thumba lija la pensulo, analidula patatu, n'kuyesera pamenepo. Kachidutswa kachitatu kanamira m'khadi la folo m'mawa wa tsiku lomaliza. Amayi anasomola kolala yoyera kuti adzaisokererenso, n'kuviika diresi m'dayi, ndipo pofika madzulo linali pawaya, lopanda thumba, lotuwa bwino ngati lavalidwa ndi ana atatu. Manja a amayi anali atang'ambikang'ambika ndi mankhwala, ndipo m'ming'alumo munalowa buluu amene anakhalamo mpaka mvula itagwa. Ine sindinayang'ane manjawo kawiri. Ndinkayang'ana diresi.

Za tsiku la kugubalo ndimakumbukira zochepa, ndipo zonse zili ngati zinachitika m'madzi. Ng'oma yaikulu inkagunda m'mimba mwanga. Fumbi linkakwera kuchokera kumapazi athu n'kusanduka golide padzuwa. Timbendera tapepala tinkalira ngati mapiko a ziwala. Aphunzitsi anadutsa pamzere akutiwongola mapewa, anandidutsa ine osaima, kenako anabwerera akuwerenga mitu, akufunsa kuti Orijino ali kuti. Mtsikana wa pambali panga anandiyang'ana, nayang'ana diresi, naseka pang'ono, n'kundikoka dzanja kuti ndiyandikire. Aphunzitsi atandizindikira anandiika pakati penipeni. Titayamba kuyenda, ndinayang'ana kumanja, buluu, kumanzere, buluu, pamkono wanga ndi pamkono wa mnzanga panalibe malire. Ndinakumbukira mawu a amalume, ndipo ndinamva thupi langa likupepuka ngati lasungunuka. Sindinakhalepo wokondwa chotero chifikireni m'tauni.

Titabalalika ndinawapeza pansi pa jakaranda kumapeto kwa bwalo, amalume atavala shati yopanda dontho, amayi atavala chitenje cha ku Misa, maluwa atawagwera pamutu. Amalume anandigulira madzi oundana a shuga a m'kapulasitiki. Amayi anandigwira mapewa, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akutsimikiza kuti ndine.

"Ndinakusaka," anatero. "Mzere woyamba mpaka womaliza. Ndinakweranso pamwala uwo. Sindinakuone."

"Zoona, amayi? Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

Ndinadumphadumpha, ndinawomba m'manja, ndinawauza kuti amenewo ndi mawu okoma kuposa onse. Iwo anaseka nane, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nati fumbi la pabwaloli ndi loipa. Amalume anayang'ana kumbali, akukanda utoto umene panalibe pachikhadabo.

Lero ndimagwira ntchito pamalo osindikizira ku Kitwe. Ndimasakaniza inki potsata manambala, ndimayesa mapepala pansi pa nyale yapadera yofanana ndi kuwala kwa m'mawa, ndipo kasitomala akabwera ndi chikwangwani chakale chosuluka n'kunena kuti ndikufuna mtundu womwewu, ndimayamba ndamufunsa mwaulemu ngati akufuna wakunja kapena wa mumpendero. Ambiri sandimva, ndiye ndimawafotokozera. Amalume ananena zoona: popanda nambala, ntchito yathu ikanakhala mikangano yokhayokha. Kabuku kawo sindikagwiritsa ntchito, kanasuluka kwambiri. Seveni wake tsopano wayandikira folo.

Koma chimene mwana uja, ine wa zaka khumi, sakanatha kumva ndi ichi. Mayi amene anaika mwamuna wake m'manda miyezi yochepa yapitayo, amene anasiya munda ndi anzake n'kubwera kumalo kumene ngakhale moni sankautha, anali ndi chinthu chimodzi chokha m'tauni yonseyo chimene ankatha kuchizindikira patali: kadontho kakuda kakukwera msewu pakati pa ana a eni ake. Ndipo kadonthoko anakafufuta yekha, ndi manja ake, chifukwa kanamupempha. Sukulu itatsegulanso sanaimenso pageti. Ine ndinaganiza kuti atanganidwa ndi zosoka, ndipo ndinakondwa kuti manyazi anga atha.

Nkhani ya diresi inathera pamenepo, pansi pa jakaranda, ine ndikuyamwa madzi oundana, amayi akudandaula za fumbi. Linali tsiku la Ufulu, pa 24 Okutobala, chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi.